PHUNZIRO LA CHINGEREZI LITHANDIZE KUSAMALA MITENGO NDI NTHAKA YATHU

(Mau amene Mlembi Wofalitsa Nkhani wa Chipani analankhula pamsonkhano wa aphunzitsi, ogwira ntchito m'Boma ndi atsogoleri a nthambi za Chipani.)



Lero ndifuna kulankhula za phunziro la Chingerezi, ndiponso za mitengo, nthaka ndi mitsinje ya dziko lathu. Ena mwa inu mwina mukudabwa kuti zinthu ziŵirizi zikugwirizana bwanji. Yankho lake nali. Mwana aliyense wa sukulu m'Malaŵi muno amaphunzira Chingerezi kuyambira Sitandade 1 mpaka Fomu 4. Maphunziro ena akhoza kuwasiya akafika ku Fomu 3, koma Chingerezi sachisiya, pakuti palibe amene amalandira satifiketi ya MSCE osakhoza Chingerezi. Tsono ngati pali nkhani imene tifuna kuti mwana aliyense aimve, aiganizire ndi kuilemba, malo ake abwino ndi m'kalasi ya Chingerezi.

Nkhani yoteroyo ilipo, ndipo ndi yoŵaŵa. Pakalembera wa 1966 tinalipo anthu 4 miliyoni. Pakalembera wa 2018 tinakwana 17.5 miliyoni. Anthu tikuchuluka koma dziko silikula. Mabanja oposa 9 mwa 10 alionse amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo mapiri ngati Ndirande ndi Soche, amene makolo athu anawaona ali ndi nkhalango, anatsala mbee. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atafika, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche ndi kukwirira nyumba ku Chilobwe. M'dziko lonse akufa ndi osoŵa anaposa 1,000. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira pamtsinje wa Shire, ndipo tinataya mamegawati 130 a magetsi kwa nthaŵi yopitirira chaka. Nthaka yokokoloka m'minda ya kumtunda imakaunjikana ku Nkula ndi kuchepetsa madzi oyendetsa makina. Nyanja ya Chilwa inauma mu 1995 ndipo inaphwanso kwambiri mu 2018. Namondwe sitingamletse, koma phiri lopanda mitengo siligwira madzi, ndipo amene anadula mitengoyo ndife.

Si lero tinayamba kulankhula za mitengo. Pulezidenti woyamba wa dziko lino, Dr. H. Kamuzu Banda, anakhazikitsa tsiku lodzala mitengo mu 1976, ndipo mu 1984 mkungudza wa ku Mulanje unalengezedwa kuti ndiwo mtengo wa fuko lathu. Chaka ndi chaka takhala tikudzala mbande ndi kuomba m'manja, komabe mkungudzawo uli pafupi kutha m'phiri lake. Kudzala ndi ntchito ya tsiku limodzi. Kusamala mtengo kufikira utakula kumafuna munthu womvetsa chifukwa chake. Kumvetsa kotereku kumayambira paubwana, monga anatero akulu-akulu kuti m'mera mpoyamba.

Nanga mphunzitsi wa Chingerezi achite chiyani kweni-kweni? Ndipereka zitsanzo zinayi.

Choyamba, pophunzitsa nthaŵi za mneni, mphunzitsi atume ana kuti akafunse agogo ao mmene mtsinje wa kwao unalili kale. Anawo alembe m'Chingerezi ziganizo zitatu: mmene mtsinjewo unalili, mmene ulili tsopano, ndi mmene udzakhalire anthu akapitiriza kulima m'mphepete mwake. Pamenepo mwana waphunzira nthaŵi yakale, yatsopano ndi yam'tsogolo, ndiponso wapenyetsetsa mtsinje umene amaoloka tsiku ndi tsiku.

Chachiŵiri, Chingerezi, monganso Chicheŵa, chili ndi ziganizo zotchula wochita ndi zina zobisa wochita. Tikhoza kunena kuti "mitengo inadulidwa," kapena kuti "ife tinadula mitengo." Silabasi imafuna kuti mwana adziŵe kutembenuza chiganizo china kukhala chinzake. Potembenuzapo afunsidwe kuti anadula ndani, anagula makala ndani, anatentha tchire ndani. Malipoti ambiri a m'maofesi mwathu adzaza ndi ziganizo zobisa wochita, ndipo chifukwa chake mlandu umasoŵa mwini.

Chachitatu, pophunzira kulemba kalata ya ntchito, anawo alembere ofesi ya za nkhalango m'boma lao kupempha mbande, kapena alembere Bwanamkubwa za chigwembe chimene chikudya bwalo la sukulu. Kalata yolembedwa bwino koposa itumizidwe ndithu. Mwana amene kalata yake yayankhidwa sadzaiŵala konse kalembedwe ka kalata.

Chachinayi, pamtsutso ndi pachimangirizo tiwapatse mitu yeni-yeni. Atsutsane ngati nkoyenera kumanga wootcha makala ndi kusiya wogula. Alembe za lamulo loletsa mapulasitiki opyapyala limene linakhazikitsidwa mu 2015, afotokoze chifukwa chake majumbo sanathe m'misika mwathu. Mphunzitsi asawauziretu yankho. Ena mwa anawo fizi yao imachokera ku makala, ndipo mwana wotere asachititsidwe manyazi pamaso pa anzake. Apatsidwe mpata wonena zimene banja lake lingachite litasiya ntchitoyo, pakuti funso limenelo ndilo lovuta kwa tonsefe.

Ndikudziŵa madandaulo a aphunzitsi. Munena kuti silabasi ndi yodzaza kale, mabuku ndi ochepa, ndipo chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994 makalasi ena amakhala ndi ana oposa 100. Zonsezi nzoona, ndipo Boma liyenera kuzimva. Koma sindikupempha phunziro latsopano kapena ola loonjezera. Galamala ndi yomweyo, mayeso ndi omwewo. Chosintha ndi chitsanzo chokha. Phiri, dimba ndi chitsime sizifuna ndalama kuti mwana aziwone. Ndiponso mwana amalemba bwino za chinthu chimene amachidziŵa, kotero Chingerezi chake chidzakoma ndipo a MANEB adzaona kusintha pamapepala ake.

Tisaiŵalenso chilankhulo chathu. Kuyambira 1968 Chicheŵa ndi Chingerezi zakhala zikuyenda limodzi pantchito za dziko lino. Zimene mwana waphunzira m'Chingerezi akazifotokoze kwa makolo ake m'Chicheŵa, m'Chitumbuka, m'Chiyao kapena m'chilankhulo china cha kwao. Maina a mitengo monga mbawa, msuku, mlombwa ndi nsangu awalembe monga momwe alili, chifukwa mwana wodziŵa Chingerezi chochuluka koma wosadziŵa dzina la mtengo wa pakhomo pake sangauteteze.

Tsono ndilankhule ndi ife atsogoleri a Chipani ndi ogwira ntchito m'Boma. Matumba a makala amene amaloŵa mu Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu amagulidwa ndi anthu a malipiro a pamwezi, ndiye kuti ifeyo. Mwana akaphunzira kusukulu kuti makala akutha nkhalango, kenaka naona galimoto ya Boma itanyamula matumba, adzakhulupirira galimotoyo. Dziko lathu linalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a nkhalango ndi nthaka yoguga pofika 2030, ndipo nthaŵi yatsala yochepa. Choncho ndikupempha alangizi a maphunziro kuti akamayendera sukulu azifunsa za zitsanzo zotere. A ku Malawi Institute of Education ku Domasi aziike m'mabuku atsopano. A za nkhalango aziyankha makalata a ana. Ndipo nthambi iliyonse ya Chipani ithandize sukulu ya m'dera lake kupeza malo a nazale. Mutu umodzi susenza denga.

Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala. Aphunzitsi, ikamafika nyengoyo kalasi iliyonse ikhale italemba kalata yake ndipo ikhale ndi mbande zake zothirira. Ife a Chipani tidzabwera m'chilimwe kudzaŵerenga mitengo imene yapulumuka.