Mabatani a pa Ampulifaya ya Gitala: Aphindu ndi Ongokometsera

Aliyense amene anaonererapo gulu la oimba pa Balaka, pa Liwonde kapena pa Ntaja amalidziwa bokosi limene limakhala kumbuyo kwa woimba gitala. Bokosilo ndi ampulifaya, ndipo ntchito yake ndi imodzi: kulandira kamphamvu kochepa kochokera ku nsambo za gitala ndi kukakuza kuti kamveke pa sipika. Komabe kumaso kwa bokosilo kumadzaza mabatani, ndipo ena mwa iwo woimba sawakhudza chigulire chake. Nkhani ya lero ikunena za mabatani oterewa.

Funsoli ndi loyenera m'dera lino. Mpaka chaka cha 1998 Balaka inali mbali ya boma la Machinga, ndipo ndi pa parishi ya Katolika ya Balaka pamene Alleluya Band inayambira m'chaka cha 1978, motsogozedwa ndi Paul Banda. Mng'ono wake, Lucius Banda, amene anamwalira mu 2024, anaphunzirira m'gulu lomweli asanakhazikitse Zembani Band. Maimbidwe amene anatchuka ndi dzina la Balaka amafuna gitala ya mawu oyera, yodula mwachidule pakati pa kugunda kwa ng'oma, kuti uthenga wa nyimbo usamire. Tsono maampulifaya ambiri anapangidwira ku America, ku England ndi ku Japan, poganizira oimba ena ndi magetsi ena.

Batani loyamba ndi lotchedwa distortion, limene limachititsa gitala kulira mosasa ngati sipika yang'ambika. Oimba nyimbo za rock amalifuna dala phokoso limeneli, ndipo kampani ya Marshall, imene Jim Marshall anayamba ku London mu 1962, inatchuka nalo. Koma m'tchalitchi kapena pa nyimbo za reggae phokosoli limangokwirira mawu a woimba. Chitsanzo chodziwika ndi Roland Jazz Chorus 120 ya ku Japan, imene inatuluka mu 1975. Oimba pa dziko lonse amaikonda chifukwa cha mawu ake oyera, koma ambiri amavomerezana kuti batani lake la distortion ndi losathandiza, ndipo amangolisiya lotseka.

Lachiwiri ndi swichi ya standby, yopezeka pa maampulifaya oyendera mavavu, timababu tagalasi timene timayenera kuyamba tatentha tisanatulutse mawu. Kampani ya Fender inaika swichiyi pa maampulifaya ake aakulu m'zaka za m'ma 1950. Imaletsa mphamvu yaikulu kufika ku mavavu pamene akutenthedwa, ndipo oimba anaphunzitsana kuti kuiwala mwambo umenewu kumawononga chida. Amisiri ambiri amatsutsa zimenezi, ponena kuti mawailesi akale a mavavu anagwira ntchito zaka zambiri popanda swichi yotere. Phindu lake lenileni ndi kukhalitsa chete ampulifaya pa nthawi yopuma, ntchito imene batani la voliyumu limaigwiranso.

Chachitatu si batani koma nambala yolembedwa pa bokosi, yonena kuchuluka kwa mawati. Wogula amaganiza kuti ampulifaya ya mawati 100 imakuza mawu kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi ya mawati 50. Zoona zake n'zakuti khutu limamva kusiyana kochepa chabe, chifukwa pamafunika mphamvu yowirikiza pafupifupi kakhumi kuti mawu amveke okula kawiri. Chimene chimakula msanga ndi kulemera. Fender Twin Reverb, ya mawati 85 ndi masipika awiri, imalemera pafupifupi makilogalamu 30. Wonyamula katundu wotere pa njinga kapena pa lole kupita ku Nsanama kapena ku Utale amaumva mtengo wa mawati amene sadzawagwiritsa ntchito.

Chachinayi ndicho chofunika kuchimvetsa koposa zonse, pakuti chimakhudza moyo. Maampulifaya akale a ku America anali ndi pulagi ya mano awiri, yopanda waya wa ethi, ndipo kumbuyo kwake kunali swichi yolembedwa ground yochepetsera kung'ung'uza. Swichiyi imalumikiza magetsi ndi chitsulo cha ampulifaya kudzera m'kachipangizo kamodzi kakang'ono. Kachipangizoko kakawonongeka, magetsi amafika pa chitsulocho, nayenda m'chingwe mpaka ku nsambo zimene zala zagwira. Woimba wa ku England, Keith Relf, anafa mu 1976 atagwidwa ndi magetsi akuimba gitala m'nyumba mwake. Ampulifaya yakaunjika yotere iyenera kupita kaye kwa mmisiri kuti achotse kachipangizoko ndi kuika pulagi ya mano atatu. Ndiponso magetsi a ku America ndi a mavoti 120, pamene a m'Malawi ndi a mavoti 230. Kaswichi kosankhira mavoti, kamene kamakhala kumbuyo kwa maampulifaya ena, kakasunthidwa mwangozi kupita pa 120, chida chikhoza kupsa nthawi yomweyo.

Makolo anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Maampulifaya amakono ena amasunga mitundu ya mawu yochuluka zedi m'kakompyuta ka m'kati, koma kakompyutako kakafa, mmisiri wa mawailesi pa msika alibe pogwira. Ena bowo lolowetsera chingwe cha gitala ndi lapulasitiki ndipo linamatidwa pa bolodi ya m'kati, kotero kuti munthu akangopunthwa pa chingwe, bolodi imasweka. M'dera lotentha ndi lafumbi ngati chigwa cha Shire, kumene kuimba kwa kumudzi kumadalira jenereta, izi si nkhani zazing'ono.

Motero gulu la achinyamata kapena kwaya imene yasonkha ndalama zogulira ampulifaya ichita bwino kufunsa mafunso anayi isanalipire. Kodi mawu ake amakhalabe oyera voliyumu ikakwezedwa? Kodi pulagi yake ili ndi waya wa ethi, ndipo mavoti ake ndi 230? Kodi munthu mmodzi angathe kuinyamula? Nanga ikawonongeka, alipo angaikonze pa Balaka kapena pa Liwonde? Ampulifaya imene yakhoza mafunso anayiwa ndi yokwanira, ngakhale itakhala ndi mabatani atatu okha.