Mafupa Opanda Dzina a ku Atteridgeville: Mau Oyankhulidwa pa Msonkhano wa Sinodi

Abusa, akulu a mpingo ndi nthumwi zonse za Sinodi: m'buku la chikumbutso mumalembedwa maina a anthu odziŵika, amene anayamba ntchito ndi amene anaipitiriza. Koma mau ano akunena za anthu amene maina ao sanalembedwe ngakhale pa manda ao.

Atteridgeville ndi mudzi waukulu kumadzulo kwa mzinda wa Pretoria, ku South Africa. Unakhazikitsidwa m'chaka cha 1939 kuti mukhale anthu akuda osamutsidwa ku Marabastad ndi malo ena. Eni ake amautchulanso Phelindaba, ndiko kunena kuti nkhani yathera pamenepa. Komabe ilipo nkhani imodzi ya kumeneko imene kufikira lero siinathe.

M'chaka cha 1995 anthu odutsa m'thengo lozungulira mudziwo anayamba kupeza mitembo ya akazi ophedwa pomangidwa pakhosi ndi zovala zao zomwe. Ina inapezeka itakhala masiku ambiri pa dzuŵa ndi mvula, nkhope zitaonongeka. Mitembo yotere inali itapezeka kale ku Cleveland, mu Johannesburg, m'chaka cha 1994. Ndipo mu September 1995 apolisi anatola ina 10 pafupi ndi mgodi wa Van Dyk ku Boksburg, kotero kuti Pulezidenti Nelson Mandela anapita kukaona malowo ndi maso ake.

Wakuphayo anali Moses Sithole. Iye ankadzionetsa ngati mkulu wa bungwe lothandiza ozunzidwa, nalonjeza ntchito kwa akazi osauka, nawatsogolera njira yachidule ya m'thengo, dzuŵa likuswa mtengo. Anagwidwa mu October 1995, ndipo mu December 1997 bwalo lalikulu la ku Pretoria linampeza wolakwa pa kupha anthu 38, nilimgamula kukhala m'ndende zaka 2,410.

Anthu ambiri anati mlandu watha. Koma pa imfa yotere pamakhala mafunso aŵiri: ndani anapha, ndipo ndani anaphedwa? Bwalo linayankha funso loyamba. Lachiŵiri silinayankhidwe lonse, pakuti ena mwa ophedwawo mlandu wao unazengedwa iwo akutchulidwa kuti "mkazi wosadziŵika". Munthu wotere ali ndi kwao. Kumeneko sikunamveke mfuu ya maliro, achibale sanamete, ndipo ana akula osadziŵa ngati ali amasiye kapena otayidwa.

Nanga munthu amataya bwanji dzina lake? Wofuna ntchito amachoka kwao nanena kuti adzatumiza mau akakhazikika. Akakhala chete, abale amayesa kuti waiŵala kwao, ndipo sapita ku polisi. Thupi likavunda, zidindo za zala zimafafanizika. Ndipo ngakhale zioneke, za mlendo sizipezeka m'kaundula wa dzikolo. Anzake opanda zikalata zoyendera amaopa kukafunsa ku nyumba ya chisoni, kuti angagwidwe. Malamulo a ku South Africa amalola kuti mtembo wopanda mwini uikidwe ndi boma la mzinda patapita masiku 30, m'manda a amphaŵi, pamene pamakhala nambala m'malo mwa dzina.

Njira imeneyi Amalaŵi akuidziŵa. Kuyambira masiku a Wenela midzi yambiri ili ndi machona ake, amuna amene anapita ku migodi ya ku Joni osabwerera. Pamene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown pa 4 April 1974, nipha Amalaŵi 74, dziko linalira chifukwa ophedwawo anali olembedwa. Koma anyamata ndi atsikana okwera mabasi a ku Joni masiku ano ambiri salembedwa pena paliponse, ndipo ena amagwira ntchito ndi dzina lobwereka. Ndiponso Malaŵi ali ndi mafupa ake a alendo: mu October 2022, m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba, munafukulidwa mitembo 30 ya anthu oganiziridwa kuti anali a ku Ethiopia. Chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe.

Komabe mbiri ya Pretoria yomweyo isonyeza kuti mafupa angathe kubwerera kwa eni ake. Solomon Mahlangu ataphedwa ndi boma la tsankho pa 6 April 1979, apolisi anamuika ku Atteridgeville mobisa, poopa khamu la anthu. Koma mu 1993 mafupa ake anafukulidwa naikidwa kwao ku Mamelodi. Mu 2005 boma linakhazikitsa gulu la Missing Persons Task Team lofufuza amene anasoŵa pa zifukwa za ndale, ndipo kuyambira 2016 gululo linafukula m'manda a Rebecca Street ndi a Mamelodi mafupa a andende onyongedwa, niliwapereka kwa abale ao. Ntchitoyo inatheka pa zifukwa ziŵiri: m'mabuku a ndende ndi a manda munalembedwa amene anagona m'dzenje lililonse, ndipo abale sanaleke kufunsa. Akazi osadziŵika a ku Atteridgeville anasoŵa zonse ziŵiri, cholembedwa ndi wofunsa.

Apa ndipo nkhaniyi ikhudza Sinodi, pakuti mpingo uli nazo zonse ziŵirizo. Ndiwo umasunga mabuku a ubatizo, a maukwati ndi a maliro, ndipo akulu ake amaloŵa m'nyumba iliyonse ya m'dera lao. Ana a Israyeli ananyamula mafupa a Yosefe kuchokera ku Aigupto kukawaika ku Sekemu chifukwa mbadwo uliwonse unauza unzake mwini mafupawo. Chifukwa chake nthumwi ziganizire zinthu zitatu.

Choyamba, mpingo uliwonse ukhale ndi buku la apaulendo, mmene mulembedwe dzina la wochoka, tsiku lochoka, kumene alinga, ndi munthu amene akafikira. Wochokayo atenge kalata ya mpingo, ngakhale akuti akakhala miyezi yoŵerengeka yokha.

Chachiŵiri, munthu akakhala chete nthaŵi yoposa chizoloŵezi chake, mkulu wa mpingo asadikire zaka. Aperekeze banjalo ku polisi, atenge chithunzi, afotokoze zipsera, mano ndi msinkhu wa wosoŵayo, nadziŵitse mipingo ya Amalaŵi ku Pretoria ndi Johannesburg. Abale asaope kupereka malovu kapena magazi kuti apimidwe DNA, popeza ndi njira imene fupa louma limalozera kwa mai wake.

Chachitatu, mbusa akapemphedwa kuika mlendo wosadziŵika, alembe tsiku, malo amene anapezeka, zovala zake ndi pamene pali manda, ndipo pamandapo paikidwe chizindikiro chosafafanizika. Mwina wofunsa adzafika patapita zaka 20, mbusayo atasamuka kapena atamwalira, buku lidzamuyankha.

Zimenezi sizifuna ndalama zambiri. Zifuna kope, cholembera ndi mkulu wa mpingo wosatopa kufunsa. Sinodi ikazivomera, ziloŵe m'zolemba za msonkhano uno, ndipo pa msonkhano wotsatira mpingo uliwonse udzanene chiŵerengero cha ana ake amene ali kunja, ndi cha amene sakumveka.