Misozi ya Khanda Isatipusitse

Nkhani yathu ndi ya matenda a maso otchedwa glaucoma. Ambiri timaganiza kuti ndi matenda a nkhalamba zokha, koma amagwiranso makanda.

M'kati mwa diso mumapangika timadzi nthaŵi zonse, ndipo timadzito tili ndi njira yake yotulukira. Ana ena amabadwa njirayo isanakonzeke bwino. Madzi akasoŵa potulukira amapanikiza diso, ndipo pang'onopang'ono amaononga mtsempha wochoka kudiso kupita ku ubongo. Mtsemphawo ukafa sudzukanso.

Ku Ulaya matendaŵa amapezeka mwa mwana mmodzi pa ana pafupifupi 10,000 obadwa. Kumene anthu amakwatirana pachibale amachuluka: ku Saudi Arabia ndi mmodzi pa ana pafupifupi 2,500, pakuti makolo onse aŵiri angathe kunyamula mbewu ya nthendayi iwo osadwala. Kaŵirikaŵiri amaoneka mwana asanathe chaka, ndipo mwa ana ambiri amagwira maso onse aŵiri.

Tsono tingaŵadziŵe bwanji? Choyamba, misozi imangotuluka ngakhale mwana sakulira. Chachiŵiri, mwana amadana ndi kuŵala. Tikatuluka naye padzuŵa amatsinzina ndi kubisa nkhope kumsana kwathu. Chachitatu, mbali yakuda ya diso imakula ndipo imachita mbuu ngati galasi la nyali lofuka. Diso la khanda ndi lofeŵa, nchifukwa chake limafutukuka. Apa mpamene timapusitsika, amayi, chifukwa timamtama mwanayo kuti ali ndi maso akuluakulu okongola.

Chithandizo chenicheni ndi opaleshoni yotsegula njira ya madzi ija. Dokotala Otto Barkan wa ku San Francisco ndiye anasonyeza, cha m'ma 1940, kuti opaleshoni yotere imapulumutsa maso a makanda. Mankhwala odontheza amangothandizira, paokha sachiza. Kuno kwathu ana otere amathandizidwa ku chipatala cha maso cha Lions pa Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo chipatala chimene tili nacho pafupi chingatilembere kalata yopitira kumeneko. Mwana akachitidwa opaleshoni tizipita naye kukapimitsa pa masiku amene atiuza, ngakhale atakula, pakuti nthendayi imatha kubwereranso.

Tichenjerenso ndi ziŵiri izi. Mwana amene anamchotsa ng'ala angathe kudwala glaucoma patapita zaka. Ndiponso mankhwala a steroid odontheza m'maso oyabwa, tikamangogula tokha ndi kudontheza miyezi yambiri, amayambitsa nthendayi. Mkaka wa m'maŵere ndi madzi a zitsamba tisathire m'diso la mwana.

Tikapita kukaona chikuta, tisangoyamikira kunenepa kwa mwana, timuyang'anenso m'maso. Tikaona chokayikitsa tiŵauze amake mwaulemu, ndipo tiŵaperekeze kuchipatala sabata lomwelo, osadikira tsiku la sikelo.