Kuwerenga si kutchula mawu chabe



Ine ndine mlimi wa chimanga ndi kachewere kuno ku Angónia. Sukulu ndinalekeza ku pulayimale, koma ndili ndi mawu pa nkhani ya ana athuwa.

Boma linayambitsa maphunziro a zilankhulo ziwiri mu 2003, komabe mwana akamakwera makalasi, mabuku ake amakhala a Chipwitikizi, pamene kunyumba timayankhula Chinyanja. Vuto limayambira pamenepo.

Mwana wa mlongo wanga, wa kalasi 4, ankatchula mawu bwinobwino, koma ukamufunsa kuti "wamvapo chiyani?" ankangoyang'ana pansi. Mayi ake anati angosiya sukulu azikaweta mbuzi. Ine monga malume ndinakana.

Ndiye ndikaweruka kumunda, dzuwa lisanalowe, timakhala pamphasa mphindi 20. Choyamba, amawerenga ndime imodzi mokweza. Chachiwiri, amatseka buku n'kundifotokozera nkhaniyo m'Chinyanja. Chachitatu, ndimamufunsa: wachita ndani? Kuti? Chifukwa chiyani? Mawu amene atikanika tonse awiri amawalemba m'kope kuti mawa lake akafunse aphunzitsi. Masiku ena timawerenga zolembedwa pa thumba la mbewu, n'kukambirana kuti akuti tibzale motani.

Patangotha miyezi itatu, anayamba kuwawerengera mayi ake uthenga wa pafoni n'kuwamasulira. Za mbuzi zija zinatheratu.

Anzanga, osamukalipira mwana akaphonya. Wamantha sagwira kanthu. Musadziderere kuti simunaphunzire. Kufunsa "wamvapo chiyani?" aliyense angathe. Tikayambe madzulo ano.