Tsogolo la Sitima ya Chauncy Maples, Mboni ya Nkhondo ya Chiwaya



Pamwambo ngati uno maso amakhala pa ng'oma, magule ndi zovala za makolo, ndipo m'pomveka. Komabe mbiri ya anthu a m'mbali mwa nyanja ino inalembedwanso pa chitsulo. Kummwera kwa gombe lino, pa doko la Monkey Bay, lomwe eni dera amalitcha Lusumbwe, pali sitima yotchedwa Chauncy Maples, imene yatha zaka zoposa 120 chiikidwire pamadzi. Inanyamulapo ansembe ndi odwala, asilikali ndi zida zawo, nsomba ndi anthu apaulendo. Funso loyenera kulisinkhasinkha lero ndi ili: kodi sitimayi ingakonzedwenso, ndipo kukonzako kukhale kotani?

Dzina lake ndi la bishopu wa mpingo wa Anglican amene anamira pa nyanja ino pa 2 September 1895, bwato lake litagubuduzika ndi namondwe, ndipo anaikidwa m'manda ku Nkhotakota. Pomukumbukira, amishoni a UMCA anaitanitsa sitima kwa amisiri a Alley and McLellan a mumzinda wa Glasgow ku Scotland. Amisiriwo atamaliza kuipanga mu 1899, anaiphwasula n'kuimanga m'mitolo 3,481, imene inaloŵa m'dziko muno kudzera m'mitsinje ya Zambezi ndi Shire. Pa mathithi a Shire ngalawa sizinkadutsa, choncho katundu yense anayenda pamtunda, pamitu ya anthu. Chimphika chake chowiritsira madzi a nthunzi, cholemera matani 11, chinali chosatheka kuchiphwasula, ndipo amuna achingoni okwana 450 ndiwo anachikoka pa ngolo, kukwera zitunda ndi kutsika zigwa. Sitimayo inalumikizidwa kwa Mponda ku Mangochi, n'kuikidwa pamadzi pa 6 June 1901. Chitsulo chinachokera ku Ulaya, koma thukuta limene linachifikitsa kunyanja linali la makolo a dziko lino.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka mu 1914, nyanja inasanduka bwalo la nkhondo. Mwezi wa August chaka chomwecho, sitima ya boma yotchedwa Guendolen, motsogozedwa ndi Kaputeni Rhoades, inaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda ku Sphinxhafen, komwe lero ndi ku Liuli m'dziko la Tanzania. Kuyambira pamenepo njira ya pamadzi yopita ku Karonga, kumene kunachitika nkhondo yoopsa pa 9 September 1914, inakhala m'manja mwa Angerezi. Nayo Chauncy Maples inachotsedwa pa ntchito ya mpingo n'kuyamba kunyamula asilikali ndi katundu wankhondo. Makolo anaitcha nkhondo imeneyo Chiwaya. Amuna a Nyasaland pafupifupi 19,000 analembedwa usilikali, ndipo ena pafupifupi 200,000 anagwira ntchito ya mtengatenga, ambiri mwa iwo mochita kugwidwa m'midzi. Ochuluka anafera kutali ndi kwawo chifukwa cha njala ndi matenda, ndipo manda awo alibe zizindikiro.

Guendolen inaphwasulidwa kalekale. Chotsala chake chodziwika ndi mfuti imodzi imene ili ku Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, pamodzi ndi zoonetsa zina m'nyumba ya Lake Malawi Museum. Chauncy Maples yokha inapulumuka. Mu 1953 inachoka m'manja mwa mpingo n'kukhala sitima yophera nsomba, ndipo mu 1967 inakonzedwa kuti izinyamula anthu ndi katundu, injini ya nthunzi italoŵedwa m'malo ndi ya dizilo. Itakalamba inaimikidwa ku Monkey Bay.

Chiyembekezo chinadzuka pamene bungwe la Chauncy Maples Malawi Trust, mothandizidwa ndi kampani ya inshuwalansi ya Thomas Miller ya ku London, linayamba kusonkhanitsa ndalama zokwana mapaundi 2 miliyoni kuti sitimayi ikhale chipatala choyandama, chofikira midzi ya m'mbali mwa nyanja kumene misewu ndi yovuta. Cholinga chinali chabwino zedi, ndipo ntchito inayambika, koma sinafike pamapeto. Zovuta za ntchito yotere n'zodziwika kwa amisiri a zitsulo. Dzimbiri limapyapyalitsa malata a pansi pa sitima, ndipo kukula kwa vutolo kumaoneka pokhapokha penti yakale itapalidwa. Malatawo analumikizidwa ndi misomali yokhomedwa ili yofiira ndi moto, luso limene osula ambiri a masiku ano sanaphunzire. Pamwamba pa zonsezi, sitima yonyamula anthu iyenera kukwaniritsa malamulo a chitetezo a makono. Palibe angadandaule nawo malamulowo, pakuti mwera wa nyanja ino suyang'ana nkhope: pa 30 July 1946 sitima ya Vipya, ikadali yatsopano, inamira kumpoto kwa nyanja ndipo anthu 145 anatsikira kulichete.

Mayiko ena akumana ndi funso lomweli pa ndege zawo zakale zoponya mabomba, ndipo zimene aona zingaunikire njira. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse panapangidwa ndege za mtundu wa Avro Lancaster zokwana 7,377, koma zouluka lero ndi ziwiri zokha, ina ku England, ina ku Canada. Ku East Kirkby, m'chigawo cha Lincolnshire, kuli Lancaster ina yotchedwa Just Jane. Abale awiri, Fred ndi Harold Panton, anaigula mu 1983 pokumbukira mbale wawo Christopher, amene anaphedwa mu March 1944 ndege yake itagwetsedwa pa ulendo wokaphulitsa mzinda wa Nuremberg. Iwo sanayambe ndi maloto oiulutsa. Anayamba ndi kuisunga m'nyumba yofoleredwa bwino. Kenaka anadzutsa injini zake zinayi za Rolls-Royce Merlin, imodziimodzi. Itayamba kuyenda pansi, alendo anayamba kulipira kuti akweremo, ndipo ndalama zimenezo ndizo zikuthandiza ntchito yoikonza kuti tsiku lina idzauluke. Zaka zoposa 40 zapita, ndipo ntchitoyo ikupitirira. Akale anati tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Chenjezo likuchokera ku South Africa. Kumeneko ndege yankhondo ya Avro Shackleton yotchedwa Pelican 16 inakonzedwa mpaka inaulukanso. Mu July 1994, ili pa ulendo wopita ku chionetsero ku England, injini zake ziwiri zinalephera ndipo inatera pamimba m'chipululu cha Sahara. Anthu onse 19 amene anali m'ndegemo anapulumuka, koma ndegeyo inatsala mumchenga momwemo. Chinthu chakale chikabwezedwa pa ntchito yolemetsa, mwayi wochitaya kotheratu umakula.

Tsono tsogolo la Chauncy Maples lili ndi makwerero atatu. Loyamba ndi kuiteteza: kuikhazika pamalo ouma, kupala dzimbiri, kupaka penti, kutseka moloŵera mvula, ndi kuilondera kuti ogula zitsulo zakutha asaidule zidutswazidutswa. Lachiwiri ndi kuisandutsa nyumba ya mbiri, kumene ana a sukulu angakwere n'kuona pamene ankagona asilikali, n'kumva za amuna amene anakoka chimphika chija. Lachitatu ndi kuibwezera pamadzi kuti iziyenda. Khwerero lachitatuli ndilo lokometsa m'maso ndi lokopa opereka ndalama, komanso ndilo lodula ndi loopsa koposa. Awiri oyambawo ali m'mphamvu ya Amalawi eni. Dziko lino lili ndi lamulo la Monuments and Relics loteteza zinthu zakale, lili ndi nthambi ya boma yoona za nyumba zosungiramo zakale ndi zipilala, lili ndi amisiri a sitima ku Monkey Bay amene akhala akusamala Ilala chiyambire ulendo wake mu 1951. Chosoŵa ndi mawu a anthu onena kuti sitimayi ndi yawo.

Anthu a Salima ali ndi gawo m'mawu amenewo. Domira Bay linali doko la sitima za nthunzi njanji isanafike kuno mu 1935, ndipo pambuyo pake Chipoka inakhala pokumanira sitima ya pamtunda ndi ya pamadzi. M'midzi ya kwa Maganga, kwa Kuluunda, kwa Pemba ndi kwa Ndindi mukadali agogo amene anakwerapo sitima zakalezo, ndi ena amene anamva kwa makolo awo za mtengatenga. Nkhani zawo zilembedwe iwo akadali ndi moyo, pamodzi ndi maina a anthu a m'banja amene anapita ku Chiwaya osabwerera. Aphunzitsi atume ophunzira kukakhala pamphasa ndi agogowo. Mafumu, amene mawu awo amamveka ku boma, apemphe kuti sitimayi itetezedwe mwalamulo monga chuma cha fuko. Mutu umodzi susenza denga.

Dzimbiri silidikira msonkhano. Dzinja lililonse limene likudutsa likudya gawo la chitsulo chimene amuna a dziko lino anasenza pamitu yawo kuchokera ku Shire. Ku Mangochi kwatsala mfuti yopanda sitima yake. Zidzukulu za anthu a m'mbali mwa nyanja ino ziyenera kudzapeza Chauncy Maples yathunthu, ngakhale itakhala pamtunda, kuti zidzaigwire ndi manja n'kufunsa za eni thukuta lija.