KUTSUKA MABATANI A GITALA WA HAUYANI WA MAGETSI

Omvera akuluakulu akumbukira gitala wa hauyani, amene Ndiche Mwarare anachuka naye ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1950. Woimba amagoneka gitalayo pamiyendo, nayendetsa kacitsulo kapena botolo pa nsambo, ndipo mau amatsetsereka ngati munthu wolira. Maimbidwe amenewa anacokera ku zisumbu za Hawaii, ndipo m'caka ca 1932 ku America anayamba kugulitsa hauyani wa magetsi, amene anthu anamucha Frying Pan popeza anafanana ndi ciwaya.

Hauyani wa magetsi amakhala ndi mabatani awiri opotokola: lina likweza kapena kutsitsa mau, linzace licepetsa kuthwa kwa mauwo. Woimba waluso sawapumitsa mabataniwa, koma awapotokola ndi cala cacing'ono nyimbo iri m'kati, kuti mau akule pang'onopang'ono. Tsono batani likayamba kuthetheka ngati moto wa mapesi, nyimbo yaonongeka, ndipo woimba acita manyazi pamaso pa mpingo kapena pa eni ukwati amene anamlemba nchito.

Bvuto limeneli licuruka ku Cape Town, kumene Amalawi ambiri akhala m'malo oyandikana ndi nyanja ya mcere, monga Hout Bay ndi Muizenberg. Kuyambira Okotobala kufikira Malici kumeneko kumaomba mphepo yamphamvu yochedwa Cape Doctor, imene iulutsa mcenga ndi pfumbi. Kuyambira Meyi kufikira Ogasiti kumagwa mvula ya dzinja lozizira, ndipo cinyontho ca mcere cilowa m'nyumba nicidetsa zitsulo.

Akulu anati, cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Gitala angathe kunyezimira kunja, koma pansi pa batani liri lonse pali kacitini kokhala ndi kanjira kozungulira ka kaboni, ndi kalilime ka citsulo koyenda pa kanjirako. Pfumbi ndi dzimbiri zikakhala pamenepo, kalilime kamakhudza ndi kulekeza, ndipo ampulifaya amakweza kudukizako kukhala phokoso.

Mankhwala oyamba alibe mtengo. Woimba azule cingwe ca gitala, napotokole batani uku ndi uku nthawi 30. Kawirikawiri kalilime kamasesa kokha njira yace.

Zikakanika, amasule mbale imene igwira mabatani, mosamala kuti angadule mawaya. Ayale nsaru pa gitala, pakuti mankhwala ena amadya utoto wa magitala akale. Pafupi ndi timiyendo titatu tolumikizapo mawaya pali kampata. M'menemo apoperemo pang'ono mankhwala ochedwa contact cleaner, a mtundu wokhala ndi timafuta ta m'mabatani, monga DeoxIT F5. Apotokolenso batani kambiri, nadikire kuti liume asanayese kuimba. Parafini, mafuta a njinga ndi madzi siziyenera konse, cifukwa zimakola pfumbi lina kapena kucititsa dzimbiri.

Phokoso likapitirira, mlandu sungakhale wa gitala yekha. Woimba ayese cingwe cina ndi ampulifaya wina, pakuti ampulifaya wodwala angathe kubweza magetsi ocepa ku gitala ndi kulizitsa batani labwino. Koma munthu wosaphunzira nchitoyi asatsegule ampulifaya wa mavalavu, cifukwa amasunga magetsi okhoza kupha munthu ngakhale atazimitsidwa.

Ngati bvuto liri m'batani ndithu, ndiye kuti kanjira ka kaboni kaperepeseka, ndipo mankhwala sangakabwezere. Pamenepo afunika kacitini katsopano ka nambala yolingana ndi yolembedwa pa kakale, kawirikawiri 250K kapena 500K. Nambala yaikuru ithwetsa mau, yaing'ono iwafewetsa. Mmisiri wa wailesi angathe kukaocherera msanga. Koma mwini gitala wakale asunge kakaleko, popeza ogula magitala otere amafuna ziwalo zace zoyambirira.

Cotsala ndi cizolowezi. Woimba wanzeru apukuta thukuta pa nsambo ndi pa mabatani akatha kuimba, natsekera gitala m'bokosi lace kutali ndi zenera, napotokola mabatani sabata iri yonse ngakhale sanaimbe. Wotero akafika pa tsiku la cisangalalo, anthu adzamva nyimbo yokha.