Mfungulo ndi Loko Wace

Kodi mankhwala adziwa bwanji pamene pali nthenda? Sadziwa ai. Ayenda ndi mwazi m'thupi lonse, nagwira pokhapo pamene alingana napo, monga mfungulo m'loko wace. Fanizoli linacokera kwa Emil Fischer mu 1894.

Taonani penisilini, amene Alexander Fleming anatulukira mu 1928. Mabakiteriya ali ndi khoma lowacinjiriza, lomangidwa ndi puloteni ina. Penisilini alowa m'puloteniyo nakakamira momwemo; kumanga kuleka, ndipo kacirombo kaphulika. Maselo a thupi lanu alibe khoma lotere, vairasi wa cimfine nayenso alibe. Cotero mukadwala cimfine musaumirize dokotala kukulasani penisilini. Simudzacira naye, koma mudzangocurukitsa mabakiteriya osamva mankhwala.